Kwikisitepi M'khola la Mkaka

Chaka chimene mkulu wanga anakwatiwa ndinali mu Giredi 8. Ndinali ndi kabuku kachikuto chobiriwira komwe ndinkalembamo zimene pakamwa panga pankakana kunena, ndipo ndikali nako. Masamba a mwezi wa Ogasiti ndi odzaza kuposa ena onse. Ambiri mwa iwo akunena za gule wina wa m'maholo, kwikisitepi, amene atate anandiphunzitsa m'khola lokamiramo ng'ombe.

Nkhaniyi inayamba Lamlungu lina titabwera ku Misa. Mkulu wanga amagwira ntchito ku Lusaka, ndipo tsikulo anali atabwera kwathu ku Kasisi kudzakambirana za ukwati. Atate anali pansi pa mtengo wa gwafa akumata chubu cha njinga. Iye anagwada chapatali pang'ono, n'kutambasula dzanja kuwapatsa foni.

"Atate, onani. Nifuna tikavine so pa ukwati wanga, ine na imwe."

Pafoniyo panali mkwatibwi wa kudziko lina akuvina ndi bambo ake. Atate anapukuta manja pa buluku, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Mkulu uyu akoka mapazi pansi," anatero. Kenaka anabweza foni. "Mwana wanga, iwe unakula. Ningakugwire bwanji pamsana, apongozi ali pompo ayang'ana?"

"Koma bonse bachita manje, Atate."

"Achite. Ine iyayi."

Kwathu mtsikana akatha msinkhu amayamba kutalikira bambo ake. Salowanso m'chipinda chawo, sakhala nawo pampando umodzi, madzi amawapatsa atagwada. Palibe chidani m'menemo, ndi ulemu. Mkulu wanga ankadziwa zonsezi, komabe misozi inalengeza m'maso mwake.

Amayi anali pakhonde akusenda nyemba. Osadzutsa mutu anati, "Si uyu alipo? Akali mwana. Avine na uyu, iwe uzikaonerera uli pa mpando wako wa ufumu."

"Uyu" ndinali ine. Ndinali kuseri kwa chitseko ndi kabuku kanga pamwendo. Ndine mzime, ndipo ndinabadwa ndi manyazi ochuluka. M'kalasi yankho ndinkalidziwa koma dzanja silinkakwera. Tsiku lina atandipatsa kuti ndiwerenge mawu kutchalitchi, anthu a pabenchi yachitatu sanamve kanthu. Ndiye ine ndikavine pamaso pa anthu a ukwati? Ndinafuna kukana, koma ndinaona atate akundiyang'ana kuyambira kumapazi ngati mmene amayang'anira thole la ng'ombe poliyesa ngati lakula.

"Kodi Atate aziba kuvina?" ndinafunsa motsitsa.

Amayi anaseka mpaka nyemba zinagwa m'lichero. "Ufunsa ine? Nanga uganiza ninawapeza atenga ng'ombe kumunda?"

Umu ndi mmene ndinadziwira kuti munthu amene ndinkamuona tsiku lililonse atavala jombo ndi ovololo, akununkhira mkaka ndi mankhwala a nkhupakupa, anali ndi moyo wina ine ndisanabadwe. Ali mnyamata ankapukuta pansi m'holo ina ku Lusaka, momwe makalaliki ndi anthu a njanji ankavina Loweruka masana. Amene ankaphunzitsa ovinawo anali mkulu wina wochokera kumigodi pamodzi ndi akazi ake. Azimayi ankachuluka, amuna ankaperewera. Tsiku lina mkuluyo anawalanda atate nsanza yopukutira, n'kuwaimika kutsogolo kwa mayi wina wamtali amene analibe mnzake. Anavina zaka zinayi. Kenaka agogo anamwalira, atate anabwerera ku ng'ombe, ndipo sanavinenso.

Sukulu inali itatseka, choncho tinkaphunzira masana. Atate amakama ng'ombe pa famu ina pafupi ndi mishoni. Akatha kukama m'mawa amatsuka simenti ya m'khola ndi paipi, ng'ombe n'kupita kubusa. Pofika 12 koloko pansi pamakhala patauma, posalala, pozizira. M'kholamo munkatsala ng'ombe imodzi yokha yabere lalikulu, yofiira, imene inkatiyang'ana uku ikubzikula.

Mkulu wanga anatisiyira foni yake yakale muli nyimbo imodzi yopanda mawu, ya malipenga ndi ng'oma zing'onozing'ono. Foniyo inkalira motsika, ndiye atate ankaiika m'chidebe cha mkaka chopanda kanthu. Nyimbo inkatuluka m'menemo ikunjenjemera, ngati ikuchokera m'chitsime chakuya momwe muli anthu ovala bwino akusangalala.

Tsiku loyamba sitinayende n'komwe. Anangondiphunzitsa kaimidwe. Dzanja lawo lamanja linali pa fupa la phewa langa, langa lamanzere pamkono wawo, manja enawo titagwirana m'mwamba.

"Zigongono m'mwamba, monga wanyamula thireyi. Mutu ku lefiti. Usaniyang'ane ine, usayang'ane mapazi."

"Nanga niziyang'ana kuti?"

"Pamwamba pa phewa langa. Pali windo apo. Uziona kumene tichoka, ine niziona kumene tiyenda."

Madzulo ake ndinalemba m'kabuku kuti pali gule amene munthu savutika kuyang'ana wina m'maso. Sindinkadziwa kuti padziko pali chinthu chotero, chopangidwa ngati anachipangira ine.

Kenaka mapazi. Atate ankawerenga monga anawaphunzitsira: silo, kwiki-kwiki, silo. Phazi limodzi lalitali, awiri aafupi othamangitsana cham'mbali, lina lalitali. Iwo akapita kutsogolo ine ndimabwerera m'mbuyo, osaona kumene ndikupita. Sabata yoyamba ndinaponda jombo zawo kambirimbiri, ndinagunda chidebe nyimbo n'kugubuduzika nacho. Sanakwiye. Ankangoti, "Tiyenso, mama," chifukwa dzina langa ndi la amayi awo.

Sabata yachiwiri, Lachinayi, chinachake chinasintha. Ndinasiya kuwerenga. Dzanja la paphewa lija linkandiuza lokha kuti tikhotera uku, tidikira pang'ono, tsopano tithamanga. Tinayenda kuchokera pakhomo mpaka kumodyera ng'ombe osaima, n'kukhota, n'kubwerera. Pamwamba pa phewa la atate ndinkaona mizati ya khola ikudutsa, kenaka kuwala kwa pakhomo, kenaka nkhope ya ng'ombe yofiira, kenaka mizatinso. Mphepo ya Ogasiti inkalowetsa fumbi ndi timaluwa ta mango, zonse zikuyandama m'mizere ya dzuwa yolowera m'mabowo a malata. Ndinamva ngati simenti yasanduka madzi oyenda ndipo ife tili pamwamba pake. Jombo za atate, zolemera zija, sizinkamveka.

Titaima ndinafunsa kuti guleyu anachokera kuti.

"Kumigodi," anatero atate mosakayika. "Anthu a kumigodi ndiwo anayamba. Akachoka pansi pa nthaka, thupi lifuna kuuluka."

Ndinalemba zimenezo. Ndinazikhulupirira masiku atatu.

Lamlungu lotsatira alamu anga, amene ankadzakwatira mkulu wanga, anabweretsa nsalu za madiresi. Ndi munthu wa muofesi ya boma, amakhala ku Silverest. Popeza ukwati unali usanachitike, sankalowa pabwalo pathu mwachisawawa. Ankaimika galimoto kumsewu pansi pa mtengo n'kumadikira. Amayi anandituma kuti ndikawapatse chakumwa cha munkoyo.

"Aa, ba mulamu ba dansi!" anafuula atandiona. "Namvela ati muvinisa na ng'ombe. Yaphunzila?"

Ndinayang'ana pansi. Mlamu ndi munthu woseka naye, koma ine ngakhale zimenezo zinkandivuta.

"Kambani naimwe. Ni dansi ya kuti iyi?"

"Atate akuti ni ya kumigodi."

"Shuwa? Lekani tione."

Anatulutsa foni, n'kuwerenga kwa kanthawi milomo ikugwedera. Kenaka anasuzumira kunyumba, n'kutsitsa mawu.

"Nizakuuzani, koma osakauza apongozi ati nine nakamba. Banganipitikise nikalibe kukwatila."

Zimene anandiuza ndinazilemba tsiku lomwelo ndisanaziiwale. Pafupifupi zaka zana zapitazo, ku Mangalande anthu ankavina gule wotchedwa fokositiroti, wodekha, wa mapazi aataliatali. Ndiye kunafika nyimbo zatsopano zochokera ku Amereka, zoyambitsidwa ndi anthu akuda a kumeneko, ndipo oimba anayamba kuimba mofulumira, mofulumirabe, mpaka mapazi aatali aja sankakwananso m'nyimbo. Nthawi yomweyo kunabwera gule wina wa anthu akuda omwewo, chalisitoni, woponya miyendo uku ndi uku. Aphunzitsi a gule a ku Mangalande anatenga ziwirizi, anafupikitsa mapazi, anachepetsa kuponya miyendo kuti anthu asamenyane m'holo, n'kusiya kuthamanga ndi kudumpha pang'ono. Poyamba dzina lake linali lalitali, lotchula magule onse awiri. Kenaka linafupika nalonso, n'kutsala lotanthauza phazi lachangu basi.

Ndinasunga nkhaniyi masiku awiri. Sindinkafuna kuti atate aoneke olakwa. Koma inkandiyabwa, ndipo Lachiwiri tikupuma titakhala pa matumba a gaga ndinati, "Atate, ena akuti kwikisitepi inachokera ku azungu, koma nyimbo zake ni za anthu akuda a ku Amereka."

"Ena ndani?"

"Ena chabe."

Anaseka chamumtima. Ndikuganiza kuti anadziwa.

"Nanga anthu akuda a ku Amereka anachoka kuti?"

"Kuno ku Afirika."

"Ndiye waona. Inapita, inazungulira, inabwerako itavala suti. Kumigodi inangotsikira sitima." Kenaka anaonjezera kuti, "Koma ya oimba kuthamanga ija naikonda. Ena akanakhala pansi, ati nyimbo yaonongeka. Awa anati iyayi, tifupikitse phazi."

Masiku amenewo ndinkalota ndili maso. Ndikutunga madzi pampopi ndinkaona holo yaikulu ya kudziko lozizira, woimba lipenga wakuda akuseka yekha uku akuonjezera liwiro, azimayi a madiresi aatali akugwira mpweya, wina nsapato itavuka. Ndinkaona nyimboyo ikukwera chombo, ikukwera sitima, ikutsika kumigodi ndi kasutukesi, ikufika ku Lusaka kukapeza mnyamata atagwira nsanza, n'kudikira mwa iye zaka zonsezo mpaka kudzatulukira m'chidebe cha mkaka. Ndinkadzifunsa ngati woimba lipenga uja akanakhulupirira atauzidwa za ng'ombe yathu yofiira.

Ukwati unali Loweruka. Lolemba la sabata yomweyo m'mawa, ndinadzuka n'kupeza kuti ndakula.

Sindinachite mantha ndi thupi langa. Aphunzitsi athu aakazi anali atatiuza kale zonse, ndipo zofunika ndinali nazo pansi pa sutukesi. Chimene chinandiopsa n'chakuti ndinadziwa zotsatira zake. Ndikanena, amayi aitana azakhali, mlongo wa atate, amene ndi mlangizi kutchalitchi kwathu. Andikhazika m'nyumba, andilangiza. Ndipo mawu amene atate anauza mkulu wanga pansi pa gwafa adzakhala anganso. Panatsala masiku asanu okha. Ndinaganiza kuti masiku asanu munthu angathe kukhala chete, makamaka ine amene kukhala chete ndi ntchito yanga. M'kabuku tsiku limenelo ndinalemba deti lokha.

Masana ndinapita kukhola monga mwa masiku onse. Ndinavina ngati wakuba. Ndinaponda jombo katatu.

"Lero uli kuti, mama?"

"Nili pano."

"Thupi lili pano. Tiyenso."

Lachiwiri mkulu wanga anali kunyumba, atatenga tchuthi. Ankaphika nyemba m'khitchini, ine ndikusita nsalu za patebulo. Ndinamva akuitana.

"Iwe, bwela uniikileko mchele."

Imeneyi inali ntchito yanga kuyambira ndili wamng'ono. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amati akathira, amuna a m'nyumbamo amadwala chifuwa, amatsokomola, amatupa miyendo. Ndiye amaitana mwana kuti athire. Mwana m'nyumba mwathu ndinali ine. Ndinkathira osaganiza kanthu, nthawi zina buku lili kudzanja lina.

Ndinalowa, ndinatenga kabotolo, ndinathira mchere m'chikhatho. Nyemba zinkabwata, nthunzi ikundinyowetsa kumaso. Aphunzitsi a sayansi anatiuzapo kuti mchere ndi mchere, suzindikira dzanja. Ndinawakhulupirira m'kalasi, ndipo ndikanalemba choncho pa mayeso. Koma m'mutu mwanga munabwera atate akutsokomola m'mawa kukuzizira, atawerama pansi pa ng'ombe, ndiponso mmene ankapumira mwamphamvu tikamaliza nyimbo. Ndikanathira, palibe akanadziwa, ndipo Loweruka ndikanavina. Nanga ngati aphunzitsi analakwa pang'ono pokha?

"Ika kaili, uyembekeza belu?"

Ndinabweza mchere m'kabotolo. Wina unamatirira m'chikhatho, ndinaupukutira pa chitenje.

Mkulu wanga anandiyang'ana, mthiko uli m'mwamba. Ndinaona nkhope yake ikumvetsa pang'onopang'ono.

"Iwe," anatero. "Kuyambila liti?"

"Dzulo."

"Mayo ine. Sembe wayembekeza Sande, mwandi." Anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'misozi, n'kundikumbatira mthiko uli m'manja.

Amayi analowa atanyamula nkhuni. Anaona awirife, anaona kabotolo kotsegula. Anatula nkhuni, anasamba m'manja, anathira mchere okha, anavundula, analawa. Kenaka anandiuza kuti ndiwatsatire kuchipinda.

Ndinagwada pafupi ndi bedi. Anandifunsa mafunso ochepa, a zinthu zofunika, ndipo ndinayankha ndi mutu. Atatha ndinadzikakamiza kulankhula.

"Amayi, osauza azakhali mpaka ukwati uthe. Napapata."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukanathira mchere uja sembe sininadziwe."

"Ee."

"Chifukwa chiyani sunathire?"

Ndinayang'ana m'chikhatho changa. Anapumira m'mwamba.

"Azakhali ako sinizawauza sabata ino, ali na zambiri za mkulu wako. Koma kukhola usapiteko, mkazi salowa m'khola masiku aya. Ndipo atate ako akanifunsa, ine sininganame. Azaona okha chochita."

Lachitatu 12 koloko ndinamva belu la njinga pabwalo.

"Kodi mnzanga wa dansi ali kuti?" atate anafunsa.

"Ali na nchito m'nyumba," amayi anayankha ali pakhonde.

Ndinali kuseri kwa katani ndikusuzumira. Atate anaima phazi limodzi lili pansi, lina pa pedulo. Anayang'ana amayi, anayang'ana khomo, n'kutembenuza njinga. Lachinayi anabweranso, anafunsanso, yankho linali lomwelo. Lachisanu sanabwere. Madzulo ake ndikuwapatsa madzi osamba m'manja ndinapeza kuti ndagwada, ngakhale panalibe wondiuza. Iwo anasamba, anathokoza, maso ali m'beseni. Za gule panalibe anatchula. Diresi langa labuluu linali pa hang'ala kuseri kwa chitseko, ndipo sindinadziwe ngati ndidzavinira kapena ndidzangokhalira.

Loweruka Misa inali kumishoni m'mawa. Masana tinapita ku Silverest, kumene anamanga tenti yoyera pa puloti ya amalume a alamu. Kuzungulira konse kunali nyumba zosamalizidwa, zina zopanda malata, ndipo mphepo inkakankha tenti ngati ikufuna kuona za m'kati. Pakati anayala matabwa osalala ovinirapo. Ine anandikhazika pabenchi ya ana, pamodzi ndi tiana tiwiri tonyamula maluwa a mkwatibwi tomwe tinkalimbirana baluni. Atate anali kutebulo lapamwamba atavala suti yakuda imene ndinali ndisanaionepo. Amayi ndi azakhali anali patebulo la azimayi, chapafupi.

A layini, anyamata ndi atsikana operekeza akwati, anavina polowa, anthu anadya, akuluakulu analankhula. Chakudya changa chinazizira m'mbale. Kenaka woyendetsa mwambo anagwira maikolofoni.

"Manje, bantu ba Mulungu, ikani mafupa pansi. Muzaona chintu chamene simunaonepo. Atate ba mkwatibwi, bamene mubaziba na ma ng'ombe chabe, bati bali na ka dansi ka kudala. Ba DJ, osabapaya, ni bakulu!"

Anthu anaseka. Atate sananyamuke.

Ndinayang'ana mbale yanga. Ndinawerenga timbewu ta mpunga tomwe tinali m'mphepete. Ndinadziuza kuti palibe kanthu, ndinavina kale masabata atatu, ndipo ng'ombe yofiira inaona. Woyendetsa mwambo anabwereza kuitana, mawu ake ayamba kukayika.

Nditadzutsa maso atate anali ataima. Sanabwere kwa ine. Anapita kutebulo la azimayi, n'kuwerama pafupi ndi amayi. Amayi anatsegula kachikwama kawo, anatulutsa kanthu koyera n'kuwapatsa. Kenaka anadutsa pamatabwa paja pang'onopang'ono, nsapato zikulira, mpaka anaima patsogolo pa benchi ya ana. Anawerama pang'ono, dzanja limodzi kumbuyo, lina atanditambasulira.

Ndinaimirira n'kuwatsatira pamatabwa paja. Tili pakati, anapinda kanthu koyera kaja kanayi. Kanali kampango ka m'manja. Anakaika m'chikhatho chawo chamanja, ndipo pomwe anandigwira paphewa, pakati pa dzanja lawo ndi msana wanga panali kampangoko.

"Kuholo kuja tinali kuchita so na azimayi olemekezeka," ananong'ona. "Zigongono m'mwamba."

Nyimbo inayamba. Pa masipika aakulu sinali ya m'chitsime ija. Inali yowala, yakuthwa, malipenga ngati akuseka pamwamba pa mitu yathu. Phazi loyamba ndinachedwa. Lachiwiri dzanja lija linandinyamula, ndipo tinapita.

Sindikumbukira nkhope ya munthu aliyense. Pamwamba pa phewa la suti ndinkaona nsalu ya tenti ikufufuma ndi kuphwa, maluwa apulasitiki, kuwala kwa pakhomo, keke yoyera, kenaka nsalunso. Zonse zinkadutsa mofewa ngati zinthu zoonera pawindo la basi munthu uli ndi tulo. Tinathamanga cham'mbali kuchokera ku ngodya ina mpaka inzake, tinakhota, tinadumpha kamodzi, kawiri. Pa kudumpha kwachitatu ndinaphonya, atate anadikira kaphindi kochepa kwambiri moti palibe anazindikira, n'kunditenganso. Kutali ndinkamva nthungululu. Mayi wina analowa pamatabwa akukupiza chitenje, tinamuzungulira ngati mzati wa khola. Ndinkamva kampango kaja pamsana panga, kofunda, kosasuntha. Ndinkadziwa tanthauzo lake, ndipo ndinkadziwa kuti nyimboyi ndi ya mphindi zitatu zokha. Sindinalire. Ndinaika mtima wonse m'mapazi, kuti pasatayike ngakhale limodzi.

Malipenga anakwera, anakweranso, n'kuduka. Tinaima. Atate ankapuma mwamphamvu, thukuta lili pamphumi, akumwetulira ngati mnyamata. Phokoso la m'tenti linandigwera nthawi imodzi. Mkulu wanga anali ataimirira kutebulo lapamwamba, zopaka m'maso zitayenderera m'masaya, alamu akumupatsa tishu uku akufuula, "Ba mulamu! Ba mulamu!"

Atate anachotsa dzanja paphewa langa, anapinda kampango n'kukaika m'thumba la pachifuwa. Ndinatembenuka kuti ndibwerere kubenchi ya ana, komwe mbale yanga inali. Anandigwira chigongono ndi nsonga za zala, n'kundilozera kwina. Tinayenda mpaka kutebulo la azimayi. Anakoka mpando wopanda munthu pakati pa amayi ndi azakhali, anadikira kuti ndikhale, anawerama pang'ono monga anachitira poyamba, n'kubwerera kumalo kwawo.

Azakhali anayang'ana mlongo wawo akupita. Anayang'ana amayi, amene anali otanganidwa kwambiri ndi fupa la nkhuku. Kenaka anayang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Hmm," anatero. Anasendeza mpando wawo kuti ndikwane bwino, n'kundikankhira botolo la chakumwa. "Wavina, mwana wa mlongo wanga. Wavina ndithu. Manje kokera diresi pa maondo. Mande nizabwera na anzanga."